Bambo William Morgan, Amene Anayambitsa Mpira wa Volebo

Bambo William Morgan anali mphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi. Kwawo kunali ku Amereka, dziko lakutali, kutsidya kwa nyanja yaikulu. Anabadwa m'caka ca 1870. Anamwalira m'caka ca 1942.

Bambo Morgan ndiwo anayambitsa mpira wa volebo. M'Cipwitikizi mpira umenewu umachedwa voleibol. Ndi mpira womenya ndi manja. Gulu lina limaima uku, gulu lina limaima uko. Pakati pamakhala ukonde. Mpira umadutsa pamwamba pa ukonde. Gulu lililonse limayesetsa kuti mpira usagwe pansi mbali yake.

Iyi ndi mbiri ya moyo wawo. Ndi mbiri ya munthu amene ankayang'ana bwino mmene anthu amathamangira, mmene amalumphira ndi mmene amatopera.

1. Mwana wa mmisiri wa maboti

William anabadwa pa 23 Januwale 1870. Anabadwira m'tawuni ya Lockport, m'cigawo ca New York. Bambo ake anali a George Morgan. Mayi ake anali a Nancy.

M'tawuni ya Lockport mumadutsa ngalande yaikulu. Dzina lake ndi Erie. Ngalande imeneyi si mtsinje ayi. Anthu anacita kuikumba. Inatsegulidwa m'caka ca 1825, ndipo inali yaitali makilomita oposa 500. M'ngalandemo munkayenda maboti onyamula katundu. Mabotiwo ankakokedwa ndi akavalo ndi nyulu, monga mmene ng'ombe zimakokera ngolo ku Angonia.

Bambo ake a William anali mmisiri wopanga maboti. Malo awo a nchito anali m'mphepete mwa ngalandeyo. William ankapita kusukulu. Ankathandizanso bambo ake pa nchito ya maboti. Nchito imeneyi ndi yolemetsa. Pamafunika kunyamula matabwa. Pamafunika kuceka ndi kukhoma misomali. William anakula ali mnyamata wamphamvu.

2. Diso la mphunzitsi

M'caka ca 1891, William anali ndi zaka 21. Anali wamkulu kale, koma anafuna kupitiriza sukulu. Anacoka kwawo ndi kupita kusukulu ya Mount Hermon, m'cigawo ca Massachusetts. Sukulu imeneyi inkalandira anyamata ocokera m'mabanja opanda ndalama zambiri. Anyamatawo ankaphunzira, ndipo ankagwiranso nchito za manja pasukulupo.

William ankakonda masewera. Ankasewera mpira wa ku Amereka. Mpira umenewu ndi wosiyana ndi mpira wamiyendo wa ku Domwe. Osewera amathamanga atanyamula mpira m'manja. Amagwirana ndi kugwetsana pansi.

Pa nthawi imeneyo panali mphunzitsi wina, dzina lake James Naismith. Bambo Naismith anali a ku Canada. Ankaphunzitsa kusukulu ina, mumzinda wa Springfield. Iwo anawona William akusewera. Anawona kuti mnyamatayu ali ndi mphamvu. Anawona kuti thupi lake limamvera bwino. Anazindikira kuti William ali ndi luso.

Bambo Naismith sanangoyang'ana ndi kukhala cete. Anamulimbikitsa William kuti abwere kusukulu ya ku Springfield. Sukulu imeneyi inali ya bungwe la anyamata Acikhristu lochedwa YMCA. Kumeneko anyamata ankaphunzira kukhala aphunzitsi a masewera. M'caka ca 1892, William anapita ku Springfield.

Kuyambira pamenepo moyo wa William unasintha. Unasintha cifukwa mphunzitsi mmodzi anamuyang'ana bwino.

3. Nchito ku Holyoke

M'caka ca 1893, William anakwatira mayi Mary Caldwell. M'banja mwawo munabadwa ana asanu. M'caka ca 1894 anamaliza maphunziro. Tsopano anali Bambo Morgan, mphunzitsi wa masewera.

Poyamba anagwira nchito caka cimodzi m'tawuni ya Auburn, m'cigawo ca Maine. M'caka ca 1895 anasamukira ku Holyoke, pafupi ndi Springfield. Holyoke unali mzinda wa mafakitale opanga mapepala. Bambo Morgan anakhala mkulu wa masewera ku YMCA ya mumzindamo.

Ku Holyoke kumazizira kwambiri. Kumazizira kuposa mmene kumazizirira ku Domwe mwezi wa Juni ndi Julayi. Madzi amauma ngati mwala. Cipale cofewa cimagwa ndi kukuta misewu yonse. Nthawi yotere anthu sangasewere pabwalo. Amasewera m'nyumba yaikulu.

Masiku amenewo kunali masewera atsopano a m'nyumba. Anali mpira wa basiketibo. Anawuyambitsa ndi Bambo Naismith omwe aja, m'caka ca 1891. Osewera ankaponya mpira m'dengu limene linapacikidwa pamwamba. Anyamata anawukonda kwambiri mpira umenewu.

Koma kwa Bambo Morgan sikunkabwera anyamata okha. Kunkabweranso abambo acikulire. Ambiri anali anthu a malonda ndi a m'maofesi. Iwo ankafuna kulimbitsa thupi. Bambo Morgan anawayang'ana bwino. Anawona kuti basiketibo ndi yovuta kwa iwo. Mu basiketibo muli kuthamanga kwambiri. Muli kukankhana. Muli kugundana. Abambo acikulire sangapirire zimenezi nthawi yaitali.

Bambo Morgan sanawabweze abambowo. Sananene kuti masewera ndi a anyamata okha. Anaganiza zopanga masewera ena, oyenera matupi a anthu amenewa. Anafuna masewera opanda kugundana, koma otulutsa thukuta.

4. Ukonde ndi mpira

Coyamba anatenga ukonde, monga wa masewera a tenesi. Ukonde wa tenesi umakhala m'munsi. Bambo Morgan anawukweza m'mwamba, mpaka mita imodzi ndi masentimita 98. Ukondewo unapitirira pang'ono mutu wa munthu wamkulu. Gulu lina linaima mbali iyi, gulu lina mbali iyo. Tsopano panalibe kukankhana, cifukwa ukonde unawalekanitsa.

Caciwiri anafuna mpira. Anayesa mphira wa m'kati mwa mpira wa basiketibo, uja umasunga mpweya. Unali wopepuka kwambiri, ndipo unkayenda pang'onopang'ono. Anayesa mpira weniweni wa basiketibo. Unali waukulu ndi wolemera kwambiri.

Bambo Morgan sanagwe ulesi. Anapempha kampani ya Spalding kuti iwapangire mpira wina. Kampaniyo inali ndi fakitale ku Chicopee, pafupi ndi Holyoke. Amisiri anasoka mpira wa cikopa, wokhala ndi mphira m'kati. Mpira umenewu sunali wolemera kwambiri. Sunali wopepuka kwambiri. Unali wabwino kumenya ndi manja.

Cacitatu anafuna malamulo. Anzawo awiri anawathandiza. Mmodzi anali Dokotala Frank Wood. Wina anali Bambo John Lynch. Malamulo oyamba anali osavuta. Gulu linkatha kukhala ndi anthu ambiri kapena ocepa. Osewera ankatha kupatsirana mpira kangapo konse asanawudutsitse pa ukonde. Woyamba kumenya mpira akalephera, ankapatsidwa mwayi waciwiri.

Bambo Morgan anapatsa masewerawa dzina lakuti Mintonette. Izi zinacitika m'caka ca 1895. Iwo anali ndi zaka 25.

5. Dzina latsopano

M'caka ca 1896, ku Springfield kunali msonkhano wa aphunzitsi a masewera a YMCA. Mkulu wa maphunziro a masewera pasukulu ija anali Dokotala Luther Gulick. Iwo anamva za masewera atsopano a ku Holyoke. Anaitana Bambo Morgan kuti akawonetse masewerawo pamsonkhano.

Bambo Morgan anapita ndi magulu awiri. Gulu lililonse linali ndi abambo asanu. Mtsogoleri wa gulu loyamba anali Bambo Curran, mkulu wa mzinda wa Holyoke. Mtsogoleri wa gulu laciwiri anali Bambo John Lynch, mkulu wa ozimitsa moto. Abambowo anasewera pamaso pa aphunzitsi onse.

Pakati pa owonerera panali mphunzitsi wina, Bambo Alfred Halstead. Iwonso anayang'ana bwino. Anawona kuti mpira ukupita uku ndi uko osakhudza pansi. M'Cingerezi, kumenya mpira usanagwe pansi amati volley. Conco Bambo Halstead anati masewerawa ayenera kuchedwa Volley Ball. Bambo Morgan anavomera. Sanakakamire dzina lawo loyamba. Dzina lakuti volebo linacokera pamenepo.

M'caka comweco malamulo a volebo anasindikizidwa. Aphunzitsi ena anawawerenga, ndipo anayamba kuphunzitsa volebo kwawo.

6. Mpira upita kutali

Aphunzitsi a YMCA ankatumizidwa kumaiko ambiri. Ankapita ndi mpira ndi ukonde. M'caka ca 1900 volebo inafika ku Canada. M'caka ca 1910 inafika kuzilumba za Philippines. Inafikanso ku Japan ndi ku China.

Anthu a maiko ena anawonjezera nzeru zawo. Ku Philippines, ca m'ma 1916, osewera anapeza njira yatsopano. Mmodzi amakweza mpira m'mwamba pafupi ndi ukonde. Mnzake amalumpha ndi kuwumenya mwamphamvu kuti ugwe pansi mbali inayo. Masewera a abambo acikulire aja anasanduka masewera a liwiro.

Malamulo nawonso anasintha. M'caka ca 1918 anagwirizana kuti gulu lizikhala ndi osewera asanu ndi mmodzi. M'caka ca 1920 anagwirizana kuti gulu lizikhudza mpira katatu kokha, kenako udutse pa ukonde.

7. Masiku otsiriza

Bambo Morgan sanakhalitse pa nchito ya YMCA. Patapita zaka zowerengeka anaisiya. Anakagwira nchito m'makampani a General Electric ndi Westinghouse, opanga zipangizo za magetsi. Pambuyo pake anabwerera kwawo ku Lockport.

M'caka ca 1938, sukulu yawo yakale ya ku Springfield inawalemekeza cifukwa coyambitsa volebo. Bambo Morgan anamwalira pa 27 Disembala 1942, ali ndi zaka 72. Anaikidwa m'manda ku Lockport, kumene anabadwira.

Zinthu zina zazikulu zinacitika iwo atamwalira kale. M'caka ca 1947, maiko 14 anakumana ku Paris ndi kukhazikitsa bungwe la volebo la dziko lonse lapansi. M'caka ca 1964, volebo inalowa m'masewera a Olimpiki, mumzinda wa Tokyo. Gulu la amayi a ku Japan linapambana. M'caka ca 1985, anthu a ku Holyoke analemba dzina la Bambo Morgan kukhala loyamba pa mndandanda wa anthu olemekezeka a volebo. Mumzinda womwewo sukulu ina ya ana inapatsidwa dzina lawo.

Bwalo la volebo la akuluakulu ndi lalitali mamita 18, ndipo m'lifupi ndi mamita 9. Ukonde wa abambo umakwera mamita 2 ndi masentimita 43. Ukonde wa amayi umakwera mamita 2 ndi masentimita 24. Ana ali ndi volebo yawo. Bwalo lawo ndi laling'ono. Ukonde wawo ndi wotsika. Mpira wawo ndi wopepuka.

8. Ana a ku Domwe

Mwana wa kalasi yoyamba sangamenye mpira pa ukonde wa akuluakulu. Manja ake akadali aang'ono. Koma thupi lake likuphunzira kale.

Mwana amathamanga pocita cipako. Amalumpha cingwe. Amadumpha ndi mwendo umodzi pocita phada. Amaponya, amawakha ndi kuzinda mpira pocita fulaye. Amayenda pamtengo powoloka kamtsinje, osagwa. Amasenza ndowa pamutu, madzi osatayika.

Zonsezi ndi maziko a volebo. Wosewera volebo amathamanga. Amaima msanga. Amalumpha. Amatsata mpira ndi maso. Amafikitsa manja pa mpira pa nthawi yake.

Mphunzitsi wabwino amacita monga Bambo Naismith. Amaima pambali pa bwalo ndi kuyang'ana. Amayang'ana anyamata, amayang'ananso atsikana. Amayang'ana aatali, amayang'ananso aafupi. Akawona luso, amauza mwanayo, amauzanso makolo ake.

Mphunzitsi wabwino amacitanso monga Bambo Morgan. Akawona mwana amene akuvutika, samucotsa pabwalo. Amatsitsa cingwe. Amapeza mpira wopepuka. Amasintha masewera kuti mwana aliyense asewere.

Kwa makolo ndi aphunzitsi

Pali njira zoyesera mmene mwana amayendetsera thupi lake. Njira imodzi yodziwika inakonzedwa ku Germany m'caka ca 1974 ndi akatswiri awiri, Ernst Kiphard ndi Friedhelm Schilling. Ndi ya ana a zaka 5 mpaka 14, ndipo ili ndi zocita zinayi. Mwana amayenda cobwerera m'mbuyo pa timatabwa titatu, tina totakata masentimita 6, tina 4 ndi theka, tina 3. Amadumpha ndi mwendo umodzi pamwamba pa zinthu zofewa zosanjikiza. Amalumpha uku ndi uku ndi miyendo yonse iwiri kwa masekondi 15. Amasuntha cam'mbali pogwiritsa nchito timatabwa tiwiri kwa masekondi 20. Pa zonsezi palibe mpira, palibe ukonde. Cimene cimayesedwa ndi kugwirizana kwa maso, manja, miyendo ndi thupi lonse.

M'caka ca 2015, akatswiri a pa yunivesite ya Ghent, ku Belgium, anafalitsa zimene anapeza pa atsikana osewera volebo. Anapeza kuti msinkhu wautali ndi kulumpha m'mwamba zimafunikadi. Koma atsikana amene pambuyo pake anafika patali anali aja amene ziwalo zawo zinkagwirizana bwino kuposa za anzawo.

Conco si bwino kusankha mwana poyang'ana msinkhu wokha. Ana sakula mofanana. Wina amatalika msanga, wina amatalika mocedwa. M'kalasi imodzi mumakhala ana osiyana miyezi yambiri, ndipo wamkuluyo amawoneka ngati waluso kuposa mnzake. Mwana amene sanadye m'mawa, kapena amene wangocira malungo, sangathamange monga mwa masiku onse. Kuyesa kwa tsiku limodzi sikunena zonse za mwana. Akuluakulu amati kuwona maso a nkhono n'kudekha. Mwana ayenera kuwonedwa kambirimbiri, caka ndi caka. William Morgan anali ndi zaka zoposa 20 pamene Bambo Naismith anazindikira luso lake.

Pa msinkhu wa kalasi yoyamba, cofunika si kusankha ana ocepa ndi kusiya ena. Cofunika ndi kupatsa ana onse nthawi yosewera masewera osiyanasiyana. Mtsikana amene amathandiza mayi ake pakhomo apatsidwenso nthawi yosewera, mofanana ndi mlongo wake. Zipangizo zodula sizifunika. Cingwe comangidwa pa mitengo iwiri cimakhala ukonde. Mpira wa nsanza kapena wa mapepala a pulasitiki umakwanira poyambira. Bwalo likhale losesedwa bwino, lopanda miyala, zitsa ndi magalasi osweka.

Mawu atsopano

Ngalande: njira ya madzi yokumbidwa ndi anthu.
Ukonde: zingwe zolukidwa, zimene zimagawa bwalo pawiri.
Luso: kutha kucita cinthu bwino.
Lamulo: mawu owuza osewera zoyenera kucita ndi zosayenera kucita.
Olimpiki: masewera aakulu a maiko onse, ocitika pakatha zaka zinayi zilizonse.

Mafunso

1. Kodi Bambo Morgan anabadwira kuti?
2. Kodi bambo ake a William ankagwira nchito yanji?
3. Ndani anazindikira luso la William?
4. Cifukwa ciyani basiketibo inali yovuta kwa abambo acikulire?
5. Cifukwa ciyani Bambo Morgan anafuna mpira wina?
6. Kodi dzina loyamba la volebo linali ciyani?
7. Kodi gulu la volebo limakhala ndi osewera angati?

Zocita

1. Jambulani mzere wowongoka pansi. Yendani pamzerewo kupita kutsogolo. Tsopano yendani cobwerera m'mbuyo.
2. Imani ndi mwendo umodzi. Werengani mpaka 10. Sinthani mwendo.
3. Ikani kamtengo pansi. Lumphani uku ndi uku ndi miyendo yonse iwiri.
4. Ponyani mpira m'mwamba. Ombani m'manja kamodzi. Wakhani mpira.
5. Imani awiriawiri. Mangani cingwe pakati panu. Ponyeranani mpira pamwamba pa cingwe. Werengani mokweza. Mpira usagwe pansi.
6. Funsani agogo anu masewera amene ankasewera ali ana. Mawa mudzawuze anzanu m'kalasi.